Funsani Amisiri: Madzi m'makina opala dzimbiri ndi mchenga

Chiyambire mvula, makalata ambiri amene talandira kuchokera ku Mangochi akudandaula chinthu chimodzi: makina opala dzimbiri ndi mchenga, aja a sandblasting, akutseka, akulavula matope, kapena chitsulo chikufiiranso penti isanapakidwe. Tasankhapo angapo.

FUNSO: Ndikupala boti lachitsulo kuno ku Monkey Bay. Kompresa ndi ya dizilo, ya 185 CFM (muyeso wa mpweya umene imapereka pa mphindi), nozo, kakamwa kotulukira mchenga kumapeto kwa hozi, ndi ya 8 mm. M'mawa ntchito imayenda bwino, koma ikangodutsa ola limodzi mchenga umayamba kutuluka modukizadukiza, kenako nkusiyiratu. Ndikatsegula poto, thanki ya makinawa imene timathiramo mchenga, ndimapeza mchenga wa pansi uli nyowe, chonsecho ndinauthira wouma. Ndinagula water trap, chogwira madzi a mumpweya, nkuimanga pakamwa penipeni pa kompresa, koma simugwa ngakhale dontho. Kodi anandigulitsa yabodza? *Wowotcherera zitsulo, Monkey Bay*

YANKHO: Achimwene, trap yanuyo mwina ilibe mlandu. Mwaiika pamalo pamene madzi sanakhale madzi.

Tiyambe ndi kumene madziwo akuchokera, chifukwa ambiri amaganiza kuti kompresa yawonongeka. Ayi. Madzi ali mumpweya umene kompresa ikukoka. Tsiku la dzinja kunyanja, kutentha kuli madigiri 30 ndipo chinyezi cha mumpweya chili pa 80 peresenti, kiyubiki mita imodzi ya mpweya imakhala ndi madzi okwana magalamu 24. Kompresa ya 185 CFM imameza makiyubiki mita oposa 300 pa ola. Mukachulukitsa mupeza kuti pa ola lililonse mukulowa madzi okwana malita 7 ndi theka. Mukagwira maola 6, ndiye kuti zigubu ziwiri za malita 20 zadutsa m'makina anu, nkutsalako zina.

Mpweya uli ngati chinkhupule. Ukaufinya, madzi amafuna kutuluka. Kompresa ikaupanikiza kufika 7 bar (bar ndi muyeso wa pulesha), imaulowetsa m'malo ochepa kasanu ndi katatu poyerekeza ndi mmene unalili. Koma kupanikizako kumautenthetsanso, ndipo mpweya wotentha umasunga nthunzi yambiri. Pakamwa pa kompresa yopanda choziziritsira mpweya umatuluka pa madigiri 80 kapena kuposa. Pa kutentha kumeneko madzi onse aja akadali nthunzi. Trap imagwira madontho, siigwira nthunzi. Ndiye nthunziyo imadutsa mu trap bwinobwino, nkuyenda mu hozi, nkuyamba kuzizira, ndipo imakasanduka madzi pamene yakumana ndi chitsulo chozizira ndi mchenga wozizira, m'poto wanu. N'chifukwa chake ola loyamba limayenda bwino: mchenga umakhala usanamwe okwanira kuti ugwirane. Zili ngati chivundikiro cha poto wa mpunga. Nthunzi siioneka pamene ikukwera, koma mukavundukula mumapeza madontho pachivundikiro.

Choncho dongosolo lake ndi ili: muziziritse mpweya kaye, kenako mugwire madzi, kenako muwakhetse. Mukasintha dongosolo limeneli, ndalama zapita pachabe.

Chotsani trapyo pa kompresa muimange pakhomo pa poto, pamene hozi ya mpweya ikulowera. Onani muvi umene uli pathupi pake, uloze kumene mpweya ukupita. Ambiri amaitembenuza. Kukula kwa pakamwa pake kusachepe kuposa hozi yanu. Timasefa ting'onoting'ono ta opopera penti pagalimoto sitingathe mpweya wa 185 CFM, timangoutsamwitsa, pulesha nkugwa. Kampopi ka pansi pa trap musakatseke kothinitsa pogwira ntchito. Kasiyeni kotsegula pang'ono, kazingoti psii, kuti madzi azituluka okha. Mpweya umene mukutaya pamenepo ndi wochepa poyerekeza ndi maola amene mukutaya pokumba mchenga wonyowa.

Pakati pa kompresa ndi trap pafunika choziziritsira. Chenicheni ndi aftercooler, chooneka ngati radiyeta ya lole yokhala ndi fani. Yabwino imatsitsa mpweya kufika pafupifupi madigiri 10 pamwamba pa kutentha kwa panja. Tsiku la madigiri 30 lija, mpweya ufika pa madigiri 40, ndipo pa malita 7 ndi theka aja, oposa 5 agwa pomwepo nkugwidwa ndi trap. Lamulo losavuta kukumbukira ndi lakuti mukatsitsa kutentha ndi madigiri 11, nthunzi imene mpweya ungasunge imatsika ndi theka. Ngati mumabwereka kompresa, funsani ngati ili ndi aftercooler musanalipire. M'miyezi ya December mpaka March kusiyana kwake ndi kwakukulu kuposa kusiyana kwa mtengo.

Aftercooler ikasowa, thanki yachiwiri ya mpweya imathandiza kwambiri. Ikhale thanki yopangidwira mpweya, yokhala ndi safety valve (valavu yotulutsa mpweya pulesha ikachulukitsa) ndi kampopi pansi, osati mgolo kapena thanki yamadzi. Iikeni pamthunzi pafupi ndi poto, mpweya uzilowera cham'munsi nkutulukira pamwamba. M'thankimo mpweya umachepetsa liwiro, umazizira, madontho nkugwa. Hozi ya mpweya nayo isagone padzuwa. Hozi yakuda itagona pamchenga wa ku Monkey Bay masana siiziziritsa kanthu. Ipititseni pansi pa boti kapena muifunditse masaka onyowa. Pewaninso kuti izipanga zigwa, chifukwa madzi amadikha m'zigwamo kenako nkubwera onse pakamodzi. M'mawa uliwonse, musanailumikize ku poto, imangeni kuchinthu cholimba, ilozetseni kopanda anthu, muipemerere kwa theka la mphindi.

Mukatha zonsezi yesani mpweya. Tsekani valavu ya mchenga kuti kunozo kuzituluka mpweya wokha. Khomani pepala loyera kapena nsalu yoyera pathabwa, muliike kutsogolo kwa nozo pamtunda wosapitirira masentimita 60, mupemerere kwa mphindi imodzi. Likatuluka louma ndi loyera, yambani ntchito. Likanyowa, musathire mchenga. Yesaninso masana, chifukwa mpweya umene unali wouma 7 koloko sukhala chimodzimodzi kompresa ikatentha.

Chomaliza, yezani nozo yanu. Ya 8 mm imadya pafupifupi 137 CFM pa 7 bar, ndiye kompresa yanu imapumako. Koma ikadyeka nkufika 9.5 mm imafuna pafupifupi 196 CFM, kuposa mphamvu ya kompresayo. Pamenepo injini imathamanga osapuma, mpweya umatentha kwambiri, ndipo madzi amapita patali asanagwe. Lowetsani dirilo biti pabowo la nozo kuti mudziwe kukula kwake. Ikakula ndi 1.5 mm, yatha ntchito.

FUNSO: Ine ndili ndi kashopu ka mageti ndi mabagalabazi pa Mangochi boma. Kompresa yanga ndi yamagetsi, ya 3 HP, thanki ya malita 100. Za aftercooler sindingakwanitse. Pali chimene ndingapange ndekha? *Mmisiri wachinyamata, Mangochi boma*

YANKHO: Chilipo, ndipo kwa kompresa yaing'ono ngati yanuyo chimagwira bwino ntchito.

Koma dziwani kaye vuto lanu lalikulu. Kompresa ya 3 HP imapereka mpweya wa pakati pa malita 250 ndi 300 pa mphindi. Nozo ya 3 mm pa 6 bar imafuna pafupifupi malita 500. Ndiye mota siima, mutu wa kompresa umatentha moti simungaugwire, ndipo mpweya sukhalitsa m'thanki kuti uzizire. Thanki imene ikanagwira madzi imangokhala njira yodutsamo. Musapitirire nozo ya 3 mm, ndipo muzigwira ntchito mopumira: palani mphindi ziwiri kapena zitatu, dikirani kompresa idzaze nkuzima. Timanozo toyera ta ceramic timadyeka msanga. Bowo likachoka pa 3 mm nkufika 4 mm, mpweya umene likudya umatsala pang'ono kuwirikiza kawiri. Gulani tambiri muzisintha.

Tsopano choziziritsira. Pezani mgolo wa malita 200 ndi paipi ya kopa ya theka la inchi, yotalika mamita 10 mpaka 15. Ikulungeni mozungulira ndowa kuti ikhale ngati sipuling'i, modekha kuti isapindike nkutsekeka. Ilowetseni mumgolo. Mpweya wochokera ku thanki uzilowera kumtunda, uzitsika mozungulira, nkutulukira pabowo limene mwaboola m'mbali mwa mgolo cham'munsi. Matani bwino pabowopo. Kutsikako n'kofunika. Mukalowetsa mpweya pansi kuti uzikwera, madzi adzadikha m'paipimo. Potulukira ikani cholumikizira mapaipi chooneka ngati T. Mwendo woloza pansi ukhale paipi ya masentimita 30 yokhala ndi kampopi kumapeto, ndipo mpweya wopita ku poto uzichoka pa mwendo wina, nkudutsa mu trap. Dzazani mgolo ndi madzi, uikeni pamthunzi. Muzipisamo dzanja nthawi ndi nthawi. Madzi akafunda, tungani ndowa ziwiri muthiremo ozizira.

Ngati kopa yakwera mtengo, paipi yachitsulo ya madzi, ya galvanised ya 20 mm, yotalika mamita 15, muikhome pakhoma la mthunzi mokwera ndi kutsika, ndi kampopi pansi pa chigwa chilichonse. Paipi yoyenda chopingasa izitsika sentimita imodzi pa mita iliyonse, kulowera kumene mpweya ukupita, ndipo nthambi yopita ku poto izichokera pamwamba pa paipi, osati pansi.

Chimene tikukuletsani mwamphamvu ndi paipi ya PVC. Tikudziwa kuti ndi yotchipa ndipo imapezeka m'hadiweya iliyonse. Koma PVC ikaphulika ndi mpweya siing'ambika ngati mphira, imasweka ngati botolo, zidutswa nkuuluka. Dzuwa ndi oyilo zimaifooketsanso.

Kampopi ka pansi pa thanki ya kompresa muzikatsegula m'mawa, masana ndi poweruka.

FUNSO: Poto akatseka pakati pa ntchito, anyamata anga amammenya ndi hamala m'mbali mpaka mchenga utayamba kuyenda. Pali njira ina? *Kapitawo, Makawa*

YANKHO: Bambo, auzeni asiye lero lomwe. Poto ndi chitsulo chosunga pulesha. Pamene hamala yafika pamakhala chibowo kapena mng'alu wosaoneka, ndipo dzimbiri limayambira pomwepo.

Poto wopangidwa bwino ali ndi valavu yochotsera vuto limeneli. Onani paipi imene imatsika m'mbali mwa poto kupita pansi, kumene mpweya umakakumana ndi mchenga. Pa paipi imeneyo pali valavu yotchedwa choke valve. Wogwira nozo aime molimba, agwire hozi ndi manja awiri, ailozetse kopanda munthu. Wina atsegule valavu ya mchenga, ija ya pansi pa poto, mpaka kumapeto, kenako atseke choke valve kwa masekondi awiri kapena atatu nkuitsegulanso. Mphamvu yonse ya mpweya imakankha mchenga kuchokera pamwamba, chibuma nkutuluka. Hozi imagwedezeka kwambiri panthawiyi, ndiye wogwirayo adziwitsidwe kaye. Bwerezani kawiri kapena katatu, kenako bwezerani valavu ya mchenga pamene inali. Choke valve isakhale yotseka pogwira ntchito, imadyetsa valavu ya mchenga msanga.

Zikakanika, zimitsani mpweya, tulutsani pulesha yonse mpaka geji ifike pa 0, tsegulani kachitseko ka m'mbali, mukokolole mchenga wonse wonyowa. Kutsanulira wouma pamwamba pa wonyowa sikuthandiza.

Si nthawi zonse pamene mlandu uli wa madzi. Kunozo kukamatuluka mpweya wokha, ganizirani mchenga wonyowa, kanthu kotseka pavalavu ya mchenga, kapena mphira wa kachitseko ndi wa pop-up valve (yotseka pothirira mchenga pamwamba pa poto) amene akutaya mpweya, moti pulesha ya m'poto ikuchepa. Kukapanda kutuluka chilichonse, mpweya kapena mchenga, ndiye kuti kamwala katseka nozo. Tulutsani pulesha musanamasule nozo, ndipo wina asasuzumiremo. Mchenga ukamatuluka wambiri mokhosomola, valavu yake yatseguka kwambiri. Mchenga woyenera umangooneka ngati kautsi kopepuka pakamwa pa nozo.

Poweruka musasiye mchenga m'poto. Usiku chitsulo chimazizira, mkati mumachita mame, ndipo m'mawa mumapeza chibuma pansi. Upalireni mpaka uthe kapena ukhuthuleni, muvundikire poto. Ndipo chogwirira chija chimene chimazimitsa makina dzanja likachoka, deadman handle, asachimange ndi legeni. Munthu akaterereka, hozi imakwapula aliyense amene ali pafupi, mchenga ukutulukabe.

FUNSO: Timatapa mchenga m'mbali mwa Shire nkuuyanika tsiku limodzi. Pamwamba umaoneka wouma koma umatsekabe makina. Tiziuyanika bwanji? *Wowerenga, Chimwala*

YANKHO: Tikuyankhani za kuyanika, koma choyamba mumve ichi, chifukwa n'chachikulu kuposa makina otseka. Mchenga wa kumtsinje ndi wa kunyanja uli ndi silika wambiri. Ukamenya chitsulo umasweka nkukhala fumbi losaoneka ndi maso, limene limakakhazikika m'mapapo osatulukanso. Matenda ake ndi silikosisi, omwe aja anabwera nawo ambiri mwa makolo athu amene anakagwira ntchito kumigodi ya ku Joni nthawi ya Wenela: kubanika, chifuwa chosatha, kuonda. Alibe mankhwala ochiza, ndipo munthu wodwala silikosisi amagwidwa TB mosavuta. Opala ndi mchenga amatha kudwala pa zaka zochepa chabe chifukwa fumbi lake ndi lochuluka. Dziko la Britain linakhazikitsa lamulo loletsa kupala zitsulo ndi mchenga wotere kale mu 1949. Kansalu kapakamwa kapena mpango sizitchinga fumbi limeneli, ndipo limafikanso kwa wothira mchenga, kwa mayi wogulitsa mandasi pafupi, ndi kwa ana.

Ngati mungathe, gulani garnet (mwala wolimba wogaya), copper slag (zotsalira posungunula kopa) kapena magalasi ogaya opangidwira ntchitoyi. Amadula msanga, fumbi lake ndi locheperapo, ndipo garnet mutha kumusefa nkumugwiritsanso ntchito kangapo. Pa zimenezinso chisoti cholandira mpweya woyera chimafunikabe. Ikani mtengo wake pa kotesheni, mumufotokozere kasitomala chifukwa chake.

Za kuuma, malamulo ndi amodzi pa chilichonse chimene mukuthira m'poto. Miyezo ya ntchitoyi imalola chinyezi chosapitirira 0.2 peresenti, kutanthauza magalamu awiri a madzi pa kilogalamu imodzi. Ndi madzi ochepa kwambiri, moti diso silingaone. Mulu umanyenga: pamwamba pamauma, mkati muli nyowe. Yalani pasimenti kapena pamalata, osati padothi, mulingo wosapitirira zala ziwiri, muzitembenuza ndi reki ola lililonse ngati mmene amachitira ndi usipa pathandala. Woolani dzuwa lisanalowe, mame asanagwe. Musauthire m'matumba apulasitiki ukadali wotentha, umachita thukuta mkati. Udikireni uzizire pamthunzi. Sungani m'migolo yokhala ndi zivundikiro, kapena m'matumba osanjika pamatabwa, otalikirana ndi khoma.

Poyesa, fumbatani mchenga mwamphamvu nkutambasula dzanja. Wouma umayoyoka wonse m'mipata ya zala. Ukasiya kachibuma kapena kukakamira pachikhatho, sunaume. Yesaninso ukhondo wake: thirani mchenga m'botolo loonekera mkati mpaka pakati, onjezani madzi oyera, khutchumulani, mulisiye theka la ola. Madzi akakhala a matope ndiye kuti muli dongo, ndipo dongo ndi limene limakoka chinyezi nkumata mchenga ngakhale mwayanika masiku awiri. Mwina vuto lanu lagona pamenepa. Pamwamba pakayandama mafuta, mchengawo musaugwiritse ntchito.

Sefani nthawi zonse, kuchotsa timiyala, zigoba za nkhono ndi tizitsotso. Njere yaikulu isapitirire gawo limodzi mwa magawo anayi a bowo la nozo. Amene mumagwiritsa ntchito steel grit, tinjere tachitsulo, samalani koposa: ikanyowa imachita dzimbiri nkugwirana kukhala chimwala chimene chimafuna tchizulo.

FUNSO: Ndinalemba anyamata kuti apale thanki yachitsulo ya madzi ndi nsanja yake pamalo anga ogona alendo. Anamaliza madzulo chitsulo chili mbee, koma m'mawa tinapeza chafiira ngati sanagwirepo. Iwo akuti tingopaka penti pamwamba. Nditani? *Mayi wa bizinesi, Cape Maclear*

YANKHO: Mayi, musalole. Penti yopakidwa padzimbiri limenelo idzatukusira nkuyamba kusupuka nthawi yake isanakwane, ndipo mudzalipira kawiri. Adutsenso ndi mchenga mopepuka, sizitenga nthawi ngati poyamba, kenako apake pulaimala tsiku lomwelo.

Chitsulo chongopalidwa kumene chilibe chotchinga chilichonse, ndipo timaenje timene mchenga wasiya timasunga chinyezi. Kugona usiku umodzi m'mphepete mwa nyanja n'kokwanira. Chizolowezi cha ntchitoyi ndi kupaka pulaimala pasanathe maola 4, ndipo m'dzinja ndi bwino kufulumirapo. Ndiye asapale thanki yonse kuti adzapake mawa. Apale chigawo, apemerere fumbi, apake, apite chigawo china. Mpweya wopemerera fumbiwo uyesedwe papepala loyera monga tafotokozera poyankha funso loyamba, apo ayi akhala akuwaza madzi pachitsulo choyera. Asachigwire ndi manja opanda magolovesi, chifukwa thukuta lili ndi mchere ndipo zala zimadzaoneka zofiira pomwe zinagwira. Asachipukutenso ndi chiguduli cha dizilo kapena parafini.

Palinso mame osaoneka. Botolo la chakumwa chozizira limachita thukuta chifukwa ndi lozizira kuposa mlingo umene nthunzi ya mumpweya imasandukira madzi. Mlingo umenewu amisiri amautcha dew point. Lamulo lake ndi lakuti chitsulo chikhale chofunda kuposa dew point ndi madigiri atatu, ndipo chinyezi cha mumpweya chisapitirire 85 peresenti. Kachipangizo koyeza kutentha ndi chinyezi, ndi kena kolozetsa pachitsulo koyeza kutentha kwake, n'zotchipa poyerekeza ndi ndowa imodzi ya penti yabwino. Kawerengedwe kachidule nkotere: chotsani chinyezi pa 100, gawani ndi 5, yankho mulichotse pa kutentha kwa mpweya. Kunja kuli madigiri 30, chinyezi 70: 100 kuchotsa 70 ndi 30, kugawa ndi 5 ndi 6, ndiye dew point ndi 24, chitsulo chikhale pa 27 kapena kuposa. M'mamawa kuli madigiri 24, chinyezi 90, musayambe n'komwe. Kawirikawiri nthawi yabwino imayamba dzuwa likakwera, cha m'ma 9 koloko, nkutha chakumadzulo kusanazizire.

Popanda zipangizo, nyowetsani kachigawo ka chitsulo ndi kansalu konyowa pang'ono. Pakauma pasanathe mphindi 15, mutha kugwira ntchito.

Thankiyo ikhale yopanda madzi. Ikakhala ndi madzi, chitsulo chimatenga kuzizira kwa madziwo ndipo chimachita thukuta ngakhale masana. Ndi chimodzimodzi boti limene m'munsi mwake mwadikha madzi. Mukaona timadontho takuda tikubwerera msanga m'maenje a dzimbiri lakale pamene kwina kuli koyera, muli mchere. Tsukani ndi madzi abwino, osati a pamjigo wa madzi amchere, muumitse, mupalenso.

FUNSO: Ndayesa papepala loyera ndipo pakutsala banga lachikasu. Oyilo wa kompresa naye wasanduka ngati tiyi wamkaka. *Makaniko, Namwera*

YANKHO: Siyani pepalalo padzuwa mphindi zingapo. Madzi amauma osasiya chizindikiro, oyilo amasiya banga. Lanulo ndi oyilo, ndipo ndi woipa kuposa madzi chifukwa penti siigwira pamene wafika. Pa kompresa ya mapisitoni, onani ngati simunadzazitse oyilo, kenako maring'i. Pa kompresa ya screw, kawirikawiri ndi separator element, fyuluta yolekanitsa oyilo ndi mpweya, imene yatha, kapena kapaipi kobweza oyilo katseka. Hozi imene yadutsamo oyilo imapitiriza kumulavula ngakhale mwakonza kompresa, ndiye itsukeni kapena isintheni.

Oyilo wooneka ngati mkaka ndiye kuti walowa madzi. Zimachitika kompresa ikamayatsidwa kwa kanthawi kochepa nkuzimitsidwa isanatenthe mokwanira kuti madziwo auluke, kapena ikamagona pamvula. Khetsani akadali wofunda, thirani watsopano wa mtundu umene buku la makinawo likunena, musinthenso fyuluta. Mukachedwa, mabering'i apita.

FUNSO: Thanki ya kompresa yanga yayamba kudontha pansi, pali kabowo ngati ka singano. Ndiwotcherere? *Wowerenga, Malindi*

YANKHO: Ayi, achimwene. Thanki imadyeka kuchokera mkati, pamene madzi osakhetsedwa akhala akugona. Kabowo kamene mukukaonako ndi pamene dzimbiri layamba kutulukira, koma pansi ponse papyapyala. Mukawotcherera, mwatseka chenjezo nkusiya chitsulo chofooka chikusunga 8 bar, ndipo thanki yotere ikaphulika imapha. Ichotseni pa ntchito, muiboole bowo lalikulu kuti wina asadzaitole nkuigwiritsanso ntchito. Pa yatsopano, kampopi kakatseka ndi dzimbiri kamasuleni pulesha ili pa 0, muikepo valavu ya chogwirira yosavuta kutsegula, ndipo kamodzi pa sabata muzikoka mphete ya safety valve kuona ngati ikutulutsa mpweya.

FUNSO: Galasi la chisoti changa limachita nkhungu mkati, mpweya wake umanunkha oyilo, ndipo pofika masana mutu umandiwawa. Mpweyawo ndimatenga pa kompresa yomwe ija ya mchenga. *Wopala zitsulo, Monkey Bay*

YANKHO: Nkhunguyo ndi madzi omwe aja, koma mutuwo ukutidetsa nkhawa kwambiri. Kompresa ya oyilo ikatenthetsa imatha kupanga carbon monoxide, mpweya wakupha umene ulibe fungo, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Imathanso kukoka utsi wa injini yake yomwe, wa jenereta kapena wa galimoto yoima pafupi. Mutu, chizungulire ndi nseru ndi zizindikiro zake. Zikayamba, vulani chisoti, khalani pa mpweya wabwino, ndipo pitani kuchipatala mukanene ntchito imene mumagwira.

Mpweya wa chisoti uzikhala ndi hozi yakeyake, yochokera pamene mpweya wadutsa kale m'choziziritsira, nkudutsa mu fyuluta yopangidwira mpweya wopuma munthu, yokhala ndi regulator. Katiriji yake muzisintha pa nthawi imene wopanga ananena, kapena msanga fungo likangoyamba, ndipo kampopi kake muzikhetsa tsiku lililonse. Koma dziwani kuti fyuluta imeneyi imachotsa madzi, oyilo ndi fungo, siichotsa carbon monoxide. Pamafunika kachipangizo kolira mpweyawu ukapitirira 10 ppm (magawo 10 pa miliyoni), kapena kapampu kapadera kopanda oyilo kongopereka mpweya wa chisoti, koikidwa kutali ndi utsi.

Kompresa iimikeni kumene mphepo ikuchokera, kuti fumbi ndi utsi zizipita kutali ndi pokokera mpweya. Kunyanja mphepo imasintha ndi nyengo: nthawi ya mwera ikhale kummwera kwa pamene mukupala, mpoto ukayamba muisamutse. Tsukani radiyeta ndi oil cooler, muone lamba wa fani ndi mlingo wa oyilo, ndipo musavalenso chisoticho mpaka chimene chikutenthetsa kompresa chitapezeka.